Mabowo Atatu a Singano ya Che Saidi

Ana inu, Lolemba lapitali ndinapeza Tamandani atagwira kabuku kanga kakang'ono ka Chingerezi, akufuna kuthothola tsamba loti akolezere mbaula. Ndinamulanda, ndipo ndinakweza mawu kuposa mmene ndimachitira. Iye anati, "Agogo, si kakutha kale aka? Ndi chikuto chomwe kalibe." Sindinamuyankhe bwino. Ine pakamwa ndimachedwa. Agogo anu aakazi amati mawu anga amabwera ngati sitima ya katundu, anthu atatopa kale kudikira. Ndiye ndati ndilembe m'kope muno, aliyense wa inu adzawerenge akadzafuna.

Kabukuko ndi Chipangano Chatsopano cha m'Chingerezi chosavuta. Ndinapatsidwa pomaliza sukulu ya sekondale ndi mphunzitsi wathu wa za Baibulo, mzungu wokalamba amene tinkamutchula kuti Chipewa, chifukwa sankachivula ngakhale m'kalasi. Kanali katsopano masiku amenewo, ka chikuto chofewa, kokhala ndi tizithunzi tojambula ndi mizere yokha. Sikankaoneka ngati Baibulo. Baibulo limene tinkalidziwa linali lakuda, lolemera, la m'mphepete mofiira.

Chipewa ndi amene anatiuza chinthu chimene ambiri kwathu sankachiganiza: kuti Angerezi nawonso anachita kumasuliridwa. Mawuwo analembedwa poyamba m'Chiheberi ndi m'Chigiriki. Kwa zaka mazana ambiri Mngerezi wamba ankapita kutchalitchi n'kumamva Chilatini, osatolapo kanthu, ngati mmene amayi anga ankakhalira pamsonkhano wa Chingerezi. Kenako kunabwera omasulira, wina pambuyo pa mnzake. Baibulo lakuda lija linapangidwa ndi kagulu ka anthu ophunzira amene mfumu ina inawasonkhanitsa. Chingerezi chitasintha, anthu ena anamasuliranso. Ife tinkalemba zimenezi pofuna kukhoza mayeso basi. Sindinkadziwa kuti ndidzazifuna pakhonde la telala.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa siteshoni ya Nkaya. Njanji yopita ku Nayuchi inali isanakalambe. Inu mumadziwa minibasi, zimene zimaima paliponse munthu wakweza dzanja. Sitima sinkatero. Munthu ankafika m'mawa ndi mkute wake, n'kukhala pa katundu mpaka dzuwa litapendeka. Azimayi ankagulitsa chimanga chootcha, malambe, masau ndi matemba ouma a ku Chilwa kudzera pazenera, sitima ikafuna kunyamuka n'kumathamanga nayo. Yunifolomu ndinkasita ndi simbi ya makala. Tamandani akanaiona bwenzi atayesa kambaula kena.

Ndinakwatira agogo anu chaka chachiwiri cha ntchito. Kwawo ndi ku Utale. Tinkapemphera pa katchalitchi ka udzu pafupi ndi siteshoni, ndipo mkulu wa mpingo pamenepo anali a Mulewa. Anali munthu wamtali, wa jekete imodzi yakuda imene ankavala ngakhale mwezi wa Okutobala. Anagwirapo ntchito kwa azungu a mishoni ali mnyamata, ndipo anachokako ndi Baibulo lakuda la Chingerezi chakale. Polalikira ankayamba awerenga m'menemo ndi mawu a bingu, kenako n'kunena za m'Chichewa. Anthu sankamva Chingerezicho, koma ankachikonda.

Tsiku lina ndinalakwitsa. Titatuluka m'tchalitchi ndinawaonetsa kabuku kanga. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Iyi ndi nyuzipepala, mwana wanga."

"Ndi Baibulo, bambo. Angolimasulira mwatsopano."

"Baibulo la Chingerezi salimasulira. Ndi lomwe amamasulirako enawa."

Ndikanakhala chete. Koma ndinali ndi satifiketi yatsopano, ndipo inkandiyabwa. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti lawolonso linachita kumasuliridwa, ndipo kuti Ambuye sanalankhulepo Chingerezi. Anthu ena anaseka. Lamulungu lotsatira a Mulewa analalikira za ana a masiku ano amene amabweretsa nyuzipepala m'nyumba ya Mulungu, ndipo kwa miyezi inayi moni wanga ankangouyankha ndi mutu.

Tsopano ndikuuzeni za khadi, chifukwa inu simunaione. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu aliyense ankayenera kukhala ndi khadi yake. Popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Pachipata pankaima anyamata a chipani. Kunali mpingo wina umene anthu ake ankakana kugula khadi, ndipo boma linauletsa. Anthu amenewo ankamenyedwa, nyumba zawo zinkatenthedwa, ambiri anathawira ku Mozambiki. Ena ndinawaona ndi maso anga akudutsa pa Nkaya, mitolo ili pamutu. Zinkamveka kuti iwo ali ndi Baibulo lawolawo ndi timabuku tambiri. Choncho kabuku kalikonse kachilendo kachipembedzo kankatha kumuika munthu m'mavuto.

Agogo anu anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwana wake ndi amayi ako, Tamandani, ndiye umve bwino. Khadi yawo inkapindika ndi thukuta akaimanga pansonga ya chitenje. Anthu ambiri ankasunga makhadi ndi mapepala a kusikelo m'Baibulo, koma lathu la Chichewa linali lalikulu. Iwo anaona kuti kabuku kanga kamakwana bwino m'dengu, n'kuikamo khadiyo. Sanandifunse, ndipo panalibe chifukwa chondifunsira.

Linali Lachinayi, tsiku la msika, cha m'ma teni koloko. Mayi wina wogulitsa tomato anafika pazenera la ofesi yanga akupuma mwaphuma.

"Akalaliki, akazi anu awagwira. Ali kwa Che Saidi."

"Khadi ali nayo."

"Si khadi iyayi. Ndi buku."

Che Saidi anali telala, Myao wa ku Mposa, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala. Analinso wapampando wa chipani m'dera lathu. Sanaufune udindowo ndi mtima wonse, koma masiku amenewo udindo sankaukana. Makina ake opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde la sitolo, ndipo milandu yaing'ono ankaiweruza pomwepo, tepi ili m'khosi.

Nditafika ndinapeza anthu atadzaza kale. Agogo anu anali atawatsekera m'kachipinda ka kumbuyo kosungiramo nsalu. Kabuku kanali pa makina. Pambali panaima Wisiki, mkulu wa anyamata a pachipata, munthu wa zaka ngati makumi atatu amene ankakondabe kutchedwa mnyamata.

"Awa ndi omwe aja, apampando," anatero Wisiki. "Agula khadi yongotiphimba m'maso, n'kuiika m'buku lawo lomwelo. Kutinyoza kumeneko. Tiwapereke kupolisi ku Balaka ndi sitima ya masana."

Sitima ya masana inkadutsa cha m'ma thu koloko. Ndinkadziwa nthawi yake kuposa wina aliyense pamenepo. Ndinkadziwanso kuti mayi wapakati akapita ku Balaka pa mlandu umenewu sadzabwerako sabata imeneyo, ndipo nyumba yathu sidzafika Loweruka.

Che Saidi anandipatsa moni bwinobwino, n'kundiuza kuti ndikhale pa benchi.

"Akalaliki, ine Chingerezi sindidziwa. Ichi n'chiyani?"

"Ndi Baibulo, Che Saidi. Gawo lake lachiwiri."

"Baibulo ndimalidziwa. Ndi lakuda. A Mulewa amadutsa nalo pano."

"Ndi lomwelo. Ili angolilemba m'Chingerezi cha masiku ano."

Anaika lumo pansi. "Ife kumzikiti buku lathu ndi limodzi. Mwana wa ku Mposa ndi munthu wa ku Maka amatchula mawu amodzimodzi. Mawu a Mulungu amatha ngati malaya kuti musoke ena? Inu muli nawo angati?"

Silinali funso lachipongwe. Ankafunadi kudziwa. Ndiye ndinayamba kufotokoza za Chipewa zija. Ndinati mawu oyambirira alipo mpaka lero, m'zinenero zawo, monga Chiarabu chilili kwa iwo, ndipo awo sasintha. Ndinati Chingerezi ndi Chichewa ndi zongomasulira kuti munthu wamba amve. Ndinati Angerezi anakhala nthawi yaitali opanda Baibulo la chinenero chawo, mpaka munthu wina anamasulira kuchokera ku Chigiriki, n'kukasindikiza kudziko lina, mabuku n'kumalowa kwawo pa zombo atabisidwa m'mabelo a nsalu.

"M'mabelo a nsalu?" anatero Che Saidi. Nkhope yawo inawala. Apa ndinali nditalowa m'ntchito yawo.

Wisiki ndi amene anafunsa. "Ankabisa kwa ndani?"

Yankho loona linali lakuti ankabisa kwa mfumu ya dziko ndi akuluakulu ake, amene analetsa bukulo. Ndinaona pamene ndadziika. Kalaliki wa pa siteshoni, pakhonde la wapampando, akuyamikira munthu wolowetsa mabuku oletsedwa mozemba boma. Mawu amenewo akanandikweza sitima ya masana pamodzi ndi agogo anu.

"Ankabisa mvula," ndinatero. "Panyanja pamanyowa."

Che Saidi anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikukhulupirira kuti ndinawapusitsa. Kenako anati, "Eya. Nsalu imateteza." Anatembenukira kwa anyamata. "Kaitaneni a Mulewa. Abwere ndi buku lawo."

Munthu yekhayo amene akanatichitira umboni anali yemwe ananena pa guwa kuti kabukuko ndi nyuzipepala, ndipo theka la anthu a pakhondepo anamumva.

Anafika pang'onopang'ono, jekete ili pathupi, Baibulo lakuda lili m'khwapa. Sanandiyang'ane. Wisiki anawathamangira.

"Madala, si inu munati ili si Baibulo?"

"Ine ndaitanidwa ndi apampando. Iwe ndiwe apampando?"

Anthu anaseka pang'ono, mwamantha. Che Saidi anakweza dzanja.

"Sindifunsa maganizo a munthu. Munthu akabwera ndi nsalu ziwiri n'kunena kuti ndi za mpukutu umodzi, sindimvera pakamwa pake, ndimaziika pamodzi. A Mulewa, mukakhale kuseri, pansi pa mtengo wa mango, pamene simungamve za pano. Akalaliki atsala. Ine ndibaya singano m'kabukuka nditatsinzina. Pamene yagwera, akalaliki andiuza m'Chichewa zimene zalembedwapo. Kenako ndipita kuseri, a Mulewa atsegule lawo pa malo omwewo, andiuzenso. Katatu. Zikasiyana, sitima ilipo."

Anachotsa singano pa kolala ya malaya awo, anatsegula kabuku atatsinzina, n'kubaya. Wisiki anakopera dzina la pamwamba pa tsamba ndi manambala pa kapepala, chifukwa sankandikhulupirira.

Koyamba inagwera pa nkhani ya chombo chimene chinasweka ndi namondwe, anthu onse n'kupulumukira pachilumba, njoka n'kutuluka m'nkhuni n'kuluma mtumwi padzanja, iye osafa. Ndinafotokoza mwachidule. Che Saidi ndi Wisiki anapita kuseri. Ine ndinatsala pa benchi ndikuyang'ana mthunzi wa denga ukusuntha pansi. Atabwera, Che Saidi anangoti, "Njoka ilimo," n'kubayanso.

Kachiwiri inali nkhani ya wodwala amene anzake anamutsitsira padenga ataliboola. Zinagwirizananso. Wisiki anati nkhani zimenezi ngakhale mwana wa Sande sukulu amazidziwa, ndipo kachitatu abaya yekha. Che Saidi anamupatsa singano. Iye anatsegula chakumapeto, kumene kulibe zithunzi, n'kubaya mwamphamvu mpaka masamba anayi.

Anali mathero a kalata ina. Si malo amene anthu amalalikira. Mtumwi ali m'ndende, akulembera mnzake kuti abwere msanga nyengo yozizira isanafike, amutengere chofunda chimene anasiya kwa munthu wina, ndiponso mabuku ake. Nditatchula za ndende ndi mabuku palibe amene anatsokomola.

"Chofundacho chinali cha nsalu yanji?" anafunsa Che Saidi.

Ndinayang'ananso tsambalo. "Sanalembe."

"Ganizani. Munthu wophunzira ngati inu."

"Sanalembe, Che Saidi."

Ulendo uno anakhalitsa kuseri. Ndinamva kulira kwa sitima ikuchokera kutali. Ndinayamba kuganiza za amene ndingamutume ku Utale kukauza apongozi.

Anabwera onse atatu, a Mulewa ali pambuyo. Che Saidi anakhala pa makina awo, n'kubweza singano pa kolala.

"Chofunda chilimo, mabuku alimo, kuzizira kulimo. Ndawafunsa za nsalu, akuti sanalembe. Mmodzi wa inu akanati ubweya, bwenzi ndadziwa kuti pali wonama." Anatembenukira kwa a Mulewa. "Tsopano nenani pamaso pa anthu. Ndi buku limodzi kapena ayi?"

A Mulewa anakonza kolala ya jekete yawo.

"Nkhani ndi imodzi. Kungoti la mwanayu lavula jekete."

Anthu anaseka kwambiri, kuseka kwa anthu amene anagwira mpweya nthawi yaitali. Che Saidi anatsegula okha kachipinda kaja. Anawapatsa agogo anu khadi yawo m'manja, kabuku n'kundipatsa ine, n'kunena motsitsa mawu, "Ziwirizi muzisunga posiyana." Wisiki anapita kukaima pachipata chake. Mpaka pamene anachoka pa Nkaya sanandipatsenso moni, ndipo sindinadandaule.

Tili m'njira agogo anu sanalire. Anali ndi ulusi m'tsitsi ndipo ankanunkha nsalu zatsopano. Titadutsa njanji anati, "Inu, a Mulewa aja saona."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Kachipinda kaja kali ndi zenera loyang'ana kumango. Wisiki atawapatsa kapepala, iwo anati, 'Tchula mokweza, ine sindiwerenga zolemba za anthu othawa sukulu.' Akatchula, iwo n'kutsegula buku koyambirira. Ine Chingerezi sindidziwa, koma ndikudziwa kuti nkhani za atumwi zili kumapeto. Katatu konse anatsegula malo amodzi. Zonse zija zachokera m'mutu. Kachitatu anakhala chete mpaka ndinayamba kupemphera, milomo yawo ikungogwedera, akuyamba kalata yonse kuchokera pachiyambi kuti afike pa nambala ija."

Lamulungu masana ndinapita kwa a Mulewa ndi nkhuku. Anailandira, n'kundiuza kuti ndikhale. Sindinatchule za maso. Iwo ndi amene anayamba. Anati zilembo zing'onozing'ono zinawathawa zaka ziwiri zapitazo, ndipo palibe amene akudziwa kupatula akazi awo. Anati Chingerezi cha pa guwa chija ndi ndime zimene analoweza kumishoni, ndipo kunena zoona sanachimvepo chonse. Chimene ankadziwa kuchokera koyamba mpaka kumapeto ndi Baibulo la Chichewa. Akanatha kukana kuyesedwa tsiku lija, kapena kungobwereza zimene ananena pa guwa, palibe akanawadzudzula. Akanalephera pamaso pa Wisiki, ukulu wawo wa mpingo ukanathera pansi pa mango paja.

"Ndinalakwa kukuchititsani manyazi tsiku lija, bambo," ndinatero.

"Unalakwa," anatero. "Tsegula langalo uwerenge."

Kuyambira pamenepo ndinkapita Lamulungu lililonse masana, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkayamba kuwerenga lakuda, iwo atatsinzina, akugwedeza mutu ngati akumva nyimbo. Ndikamaliza ankati, "Tsopano werenga nyuzipepala yakoyo, timve kuti akuti chiyani." Sanasiye kuitchula choncho. Amayi ako atabadwa, Tamandani, iwo ndi amene anawapempherera.

Tsiku lina tili awiri anandifunsa za mabelo a nsalu. Nkhani ya mvula ija inali itawafika. "Iwe sunama kawirikawiri," anatero, "ndiye ukanama zimamveka." Ndinayang'ana kunja kaye, chifukwa masiku amenewo tinkatero ngakhale m'nyumba mwathu. Kenako ndinawauza zimene ndinasiya pakhonde paja, ndipo ndi zimene ndikufuna inunso mudziwe. Sankabisa mvula. Mabuku amene ankagwidwa ankatenthedwa poyera. Womasulira uja anakhala wothawathawa kudziko la eni, mpaka munthu amene ankadya naye anamupereka. Anamutsekera, anamupha pomupotokola khosi, n'kutentha mtembo wake. Patangopita zaka zochepa, mfumu yomweyo ya kwawo inalamula kuti Baibulo la Chingerezi liikidwe m'tchalitchi chilichonse. Ndipo anthu ophunzira amene anadzapanga Baibulo lakuda lija anatenga mawu ambiri a munthu wophedwayo.

A Mulewa anasisita chikuto cha buku lawo nthawi yaitali.

"Ndiye langalinso linagwidwapo pachipata."

"Linagwidwapo, bambo."

"Iyeyo panalibe womuchitira umboni?"

"Panalibe."

Tsiku limenelo sitinawerenge.

Atamwalira, akazi awo anandipatsa Baibulo lakuda lija. Ndi lomwe lili pamwamba pa kabati, limene mumati likununkha mphemvu. Kabuku kanga kamakhala pambali pake. Chikuto chake ndinachithothola ndekha sabata yomwe ija ya mlandu wa kwa Che Saidi, kuti kasamaonekere patali. Mukafuna, bwerani masana ndikutsegulireni. Mukakweza tsamba kudzuwa muona kabowo pa nkhani ya chombo, kena pa nkhani ya denga, ndi ka Wisiki kamene kanapyoza masamba anayi. Agogo anu aakazi musawafunse, amati nkhaniyi ndimaitalikitsa.

Za mbaula, Tamandani, manyuzipepala enieni ali m'katoni kuseri kwa chitseko.